Gearbox ya otomatiki ikuchedwa kulowa D m'mawa, ikatentha ikuterereka pakati pa giya 2 ndi 3

Wapaulendo

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galimoto yanga ndi ya 1998, injini 1.6 ya petulo, imakoka ndi matayala akutsogolo. Gearbox ndi ya otomatiki ya magiya anayi, ili ndi batani la O/D (lolola kapena kuletsa giya 4) pa ndodo ya giya. Yayenda makilomita 243,000, ndipo mapepala osonyeza kuti oyilo wa gearbox anasinthidwapo palibe.

Mavuto alipo atatu. M'mawa injini ikadali yozizira, ndikaika D galimoto imangokhala phee masekondi atatu kapena anayi, kenako giya n'kulowa mogunda. Ikatentha zimenezi zimatha. Koma ikayenda mphindi ngati 30 pamayamba zina: pochoka giya 2 kupita giya 3 injini imalira kaye m'mwamba, ma rev amakwera ndi 500 kapena 600, kenako giya n'kugwira mwamphamvu. Chachitatu, pa msewu waukulu masiku ena ikukana giya 4, moti pa 90 km/h ma rev amapitirira 3,000. Nthawi zina nyali ya O/D OFF imathwanima yokha.

Oyilo pa dipstick ndi wabulauni. Makaniko wina akuti tiifulashe ndi makina (kutulutsa oyilo wakale n'kumalowetsa watsopano), wina akuti ndisataye nthawi, ndingogula gearbox ina yogwirapo kale ntchito. Ndiyambire pati? Nanga n'zoona kuti ukasintha oyilo amene wakhalitsa, gearbox imafa?

Sipana12

Achimwene, musagule gearbox ina panopa, ndipo zofulashazo ziimikeni kaye. Zizindikiro zitatuzi sizikuoneka kuti zikuchokera pamalo amodzi, ndipo ziwiri mwa izo nthawi zambiri zimatha gearbox isanatsitsidwe.

Yambani ndi mulingo wa oyilo, koma muyeze moyenera. Yendetsani galimoto mphindi 15 kapena 20 kuti oyilo afike 70 mpaka 80°C. Imikani pamalo osapendekeka, kokani handibuleki, injini isiyeni ikulira pa idling. Mutaponda buleki, yendetsani ndodo kuchokera P mpaka L, mukuima masekondi awiri pa giya iliyonse, n'kubwereranso ku P. Solani dipstick, pukutani ndi nsalu yosasiya ulusi, ibwezereni mpaka kumapeto, solaninso. Oyilo akhale pakati pa mizere iwiri ya HOT. Yang'anani mbali zonse ziwiri za dipstick ndipo mukhulupirire mbali imene ikuonetsa pansi, chifukwa inayo imakhala yangopaka oyilo wa m'paipi. Mizere ya COLD ndi yongothandiza pothira koyamba, musaweruzire pamenepo. Si galimoto zonse zimayezedwa chonchi: ma Honda akale amayezedwa injini itangozimitsidwa kumene, ma Mitsubishi ambiri ndodo ili pa N. Kawirikawiri zimalembedwa pa dipstick pomwepo kapena m'buku la galimoto.

Mu otomatiki chimene chimagwira giya ndi presha ya oyilo. Pampu imakoka oyilo mu sampu kudzera mu sefa, n'kumukankhira kumbuyo kwa pisitoni, pisitoniyo n'kufinya ma plate a klatchi. Oyilo akachepa ndi theka la lita chabe, pampu imatha kuyamba kumeza mpweya, makamaka pokhota ndi pokwera mtunda. Oyilo wa thovu amafinyika, ndiye klatchi imachedwa kugwira, ma rev n'kukwera, presha ikakwana n'kugwira kamodzin'kamodzi. Mukadzaza mopitirira zotsatira zake n'zomwezo, popeza zitsulo zozungulira zimamenya oyilo mpaka kuchita thovu. Choncho muzithira 200 ml n'kuyeza, 200 ml n'kuyezanso.

Oyilo wa gearbox sapsa n'kumatha ngati wa injini. Akachepa ndiye kuti penapake pakudontha. Onani ma seal pamene ma driveshaft akulowera m'gearbox, mapaipi awiri opita ku rediyeta pamodzi ndi makilipi ake, gasiketi ya sampu, ndi pansi pamene gearbox yakumana ndi injini. Ngati pomalizapa panyowa oyilo wofiira, imeneyo ndi seal yakutsogolo kwa pampu, ndipo siisinthika gearbox ili m'malo mwake.

Donthezani oyiloyo pa pepala loyera. Wabulauni koma woonekera, wosanunkha chopserera, ndi wokalamba chabe. Wakuda, wonunkha kupsa, wokhala ndi timibulu mukamutikita pakati pa zala, ndi ma plate amene akunyenyeka. Akakhala wapinki wotuwa ngati wathiridwa mkaka, galimoto iime tsiku lomwelo: cooler ya gearbox imene ili m'kati mwa rediyeta yabooka, madzi akulowa. Madzi amamatula nsalu ya pa ma plate, moti kusintha oyilo kokha sikupulumutsa gearbox yoteroyo.

Onaninso kuti vuto lanu loyamba limabwera kukazizira, lachiwiri ikatentha. Kuchedwa kwa m'mawa kumachokera ku oyilo wochepa, sefa yotsekeka imene oyilo wozizira akuvutika kudutsamo, oyilo wa mu torque converter (cholumikiza injini ndi gearbox pogwiritsa ntchito oyilo) wobwerera mu sampu usiku, kapena ma seal a labala a pisitoni ya forward clutch (klatchi ya magiya opita kutsogolo) amene auma. Akatenthedwa amafewa n'kuyambanso kutseka. Mawa m'mawa lizani injini, dikirani masekondi 30 ndodo ili pa N, kenako muike D. Ikalowa msanga, ndi converter imene imafuna kudzaza kaye, ndipo zimenezo sizoopsa. Ikachedwabe, maganizo apite ku sefa ndi ma seal. Kuterereka kobwera ikatentha n'kosiyana: oyilo akapyapyala presha ikuthawira penapake, kapena presha ndi yochepa kale kuchokera pachiyambi.

Pothira, thirani mtundu wolembedwa pa dipstick. Ma gearbox ambiri a zaka zimenezo amafuna Dexron II kapena III, koma Toyota Type T-IV, Honda ATF-Z1, Mitsubishi SP-III ndi Chrysler ATF+4 ndi osiyana. Oyilo wa CVT, womwe ndi mtundu wina wa otomatiki, asalowemo n'komwe.

Wamawaya

A Sipana12 anena zoona. Ine ndikambe za giya 4 ndi nyali yothwanimayo. Nyali ya O/D OFF ikamathwanima inu musanadine batani, kompyuta yasunga code. Muiwerenge musanachotse batire, chifukwa pa galimoto zakale batire ikachoka zonse zimafufutika.

Ngati pansi pa chiwongolero pali pulagi ya mapini 16, lumikizani makina a OBD-II owerengera ma code. Ku America OBD-II inakhala lamulo mu 1996, ku Ulaya pa galimoto za petulo mu 2001, koma galimoto zambiri zopangidwira msika wa ku Japan m'zaka zimenezo zili ndi pulagiyo koma sizigwirizana ndi timakina wamba. Makina akakana, musaganize kuti kompyuta yafa. P0500 ndi sensa ya liwiro la galimoto, P0720 ndi ya liwiro lotuluka m'gearbox, P0715 ndi ya liwiro lolowa, P0705 ndi switch yodziwitsa pamene ndodo ili, P0753 ndi P0758 ndi magetsi a solenoid A ndi B (ma valavu a magetsi osintha magiya), P0741 ndi lock-up ya converter (klatchi yolumikiza injini ndi gearbox mwachindunji). P0700 payokha imangokuuzani kuti kompyuta ya gearbox ili ndi code ina yoti mukawerenge. Kuyambira P0731 mpaka P0734 nkhani ndi ina: kompyuta inalamula giya, koma liwiro lolowa ndi lotuluka silikugwirizana. Kumeneko ndi kuterereka, ndipo solenoid yatsopano siichiza zimenezo kawirikawiri.

Pa ma Toyota akale opanda OBD-II mumalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya pa kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS m'boneti, kiyi pa ON injini osailiza, batani la O/D lili ON, n'kuwerenga kuthwanima kwa nyali. 42 ndi 61 ndi masensa a liwiro, 62 ndi 63 ndi solenoid yoyamba ndi yachiwiri, 64 ndi ya lock-up. Makampani ena ali ndi njira zawozawo, choncho musalumikize mapini mongoyerekeza.

Koma musanafike n'komwe ku ma code, yang'anani kamuvi ka kutentha kwa injini mukakhala pa msewu waukulu. Makompyuta ambiri a zaka zimenezo amakaniza dala giya 4 ndi lock-up madzi a injini akakhala pansi pa madigiri pafupifupi 60, kuti injini itenthe msanga. Thermostat ikakakamira potseguka, kapena ngati wina anaichotsa, m'tauni galimoto imatentha bwinobwino n'kumalowa magiya onse. Mukathamanga mphepo n'kumawomba rediyeta, madzi amazizira, giya 4 n'kusowa. N'chifukwa chake vutoli limaoneka masiku ena okha, makamaka kukazizira kapena mvula ikamagwa. Sensa yonama imachitanso chimodzimodzi. Pa galimoto zakale masensa a kutentha amakhala awiri, ya geji ndi ya kompyuta, moti kamuvi kakhoza kukhala pakati pamene kompyuta ikuwerenga 40°C. Ya kompyuta nthawi zambiri imakhala 2,000 mpaka 3,000 ohms pa 20°C, n'kutsika kufika cha m'ma 300 ohms pa 80°C.

Tengani multimeter muyezenso sensa ya pa throttle. Kiyi pa ON, waya wa signal uyambire cha pa 0.5 V n'kukwera mosadumpha mpaka cha m'ma 4 V mukamatsegula throttle pang'onopang'ono. Ukagwa penapake n'kubwereranso, kompyuta imaganiza kuti mwachotsa phazi, ndiye magiya amasinthasintha popanda chifukwa. Injini ikulira, batire ionetse 13.5 mpaka 14.5 V, ndipo waya wa earth wochokera ku gearbox kupita ku bodi ukhale wolimba, wopanda dzimbiri. Zulani pulagi ya pa gearbox muone ngati mapini abiriwira kapena mwalowa oyilo. Ma solenoid a magiya pa ma gearbox ambiri a magiya anayi opangidwa ndi kampani ya Aisin amakhala 11 mpaka 15 ohms. Muyeze kawiri, itazizira ndi itatentha, chifukwa koyilo yothyoka m'kati imatha kulumikizana ikazizira n'kulekana ikatentha.

Pali mayeso amodzi amene amalekanitsa zamagetsi ndi zam'kati. Zulani pulagi ya ma solenoid, mupite pa msewu wopanda anthu galimoto itatentha. Pa ma Aisin amenewa magetsi akachoka, L imapereka giya 1, 2 imapereka giya 3, D imapereka giya 4. Nyamukani pa L, liwiro likakwera kankhirani ndodo ku 2, kenako ku D. Musanyamuke pa D, chifukwa kunyamukira giya 4 kumatenthetsa oyilo msanga. Mayesowa saonetsa kusintha kwa 2 kupita 3, koma amaonetsa ngati klatchi ya giya 3 ikugwira. Ikagwira zolimba, funani vuto ku mawaya, masensa ndi ma solenoid. Ikaterereka ngakhale pulagi itazulidwa, kompyuta ilibe mlandu. Mukatha bwezerani pulagi ndi kufufuta ma code amene mayesowa abweretsa.

Mkulu_wa_Magiya

Zonse zanenedwa pamwambapa chitani, koma kebulo sinakambidwe. Tsegulani boneti muone pa throttle body. Ngati pali makebulo awiri, ina yochokera ku pedulo, inayo yotsikira ku gearbox, yachiwiriyo ndi imene imayendetsa presha. Mukaponda moto imakoka valavu ina mu valve body (bokosi la ma valavu ogawa oyilo m'gearbox), presha n'kukwera kuti klatchi ithe kugwira mphamvu ya injini. Ikakhwefuka, injini imakoka mwamphamvu pamene presha ikadali pansi, ndipo zotsatira zake ndi zomwe mwafotokozazo: ma rev m'mwamba pakati pa magiya, makamaka oyilo atatentha. Ikakungika kwambiri magiya amagunda. Mwa ziwirizi yoopsa ndi yokhwefuka, chifukwa kuterereka kulikonse kumawotcha ma plate.

Pa ma Aisin, waya wam'kati ali ndi kachitsulo kofinyiridwa ku fakitale. Mpata wa pakati pa kachitsuloko ndi mapeto a labala wa kebulo ukhale 0 mpaka 1 mm. Buku la galimoto yanu likuuzani ngati poyeza throttle ikhale yotseguka yonse kapena yotseka, popeza zimasiyana. Masulani manati awiri a pa bulaketi, sunthani kebulo, mangani. Ikokeninso ndi dzanja: izituluka mosakodwa n'kubwerera yokha. Ikamakakamira kapena ulusi wake utayamba kuduka, sinthani. Kwa amene ali ndi galimoto zakale kuposa iyi, zopanda kompyuta, ntchito imeneyi pa ma gearbox ena imagwiridwa ndi vacuum modulator. Kapaipi kake kakang'ambika magiya amachedwa n'kumagunda, ndipo labala wake wam'kati akabooka injini imayamwa oyilo wa gearbox n'kumafuka utsi woyera.

Tsopano funso lanu la oyilo. Oyilo watsopano sapha gearbox yamoyo. Chimene chimachitika n'chakuti ambiri amakumbukira oyilo gearbox itayamba kale kuterereka. Ma plate amakhala atatha, ndipo fumbi lawo lomwe lili mu oyilo wakaleyo ndi limene limawathandiza kugwirako pang'ono. Fumbilo likachoka kutha kwawo kumaonekera, oyilo watsopano n'kusenza mlandu. Ngati oyilo wanu ndi wabulauni chabe, kumusiya ndiye kuwononga: mphamvu zake zoteteza zinatha, ndipo litsiro lake likukanda ma valavu.

Kufulasha ndi makina ndikukana pa galimoto ya makilomita amenewo pa zifukwa ziwiri. Sampu siitsegulidwa, ndiye sefa imatsala yotsekeka ndipo simuona zomwe zili pansi. Komanso mankhwala otsukira amene ena amathiramo amamatula litsiro nthawi imodzi, n'kukatseka timabowo ta mu valve body tochepa ngati nsonga ya singano.

Tsegulani sampu. Galimoto ikhale pa ma stand, osati pa jeke yokha, ndipo oyilo akhale wofunda, osati wowotcha. Khuthulani pa pulagi, muyeze amene watuluka kuti mudziwe woyambira pothira. Masulani mabawuti onse kusiya awiri, sampu itsike mbali imodzi. Musanatsuke chilichonse, yang'anani. Phala lotuwa losalala pa maginito ndi lachibadwa pa gearbox iliyonse yoyenda. Tizitsulo tosongoka toimirira pa maginito ndi magiya kapena ma bearing. Fumbi lonyezimira ngati golide ndi ma bush ndi ma thrust washer. Tizidutswa takuda tofewa ndi nsalu ya ma plate. Tikakhala tochepa si nkhani, tikaunjikana mulu ndiye kuti klatchi ina yatha.

Sefa ya waya imatsukika, ya nsalu imasinthidwa, ndipo gasiketi kapena O-ring yake ikhale yatsopano, apo ayi pampu iziyamwa mpweya pomwepo. Mabawuti a sefa amasiyana kutalika, choncho abayeni pa katoni monga anakhalira. Mabowo a sampu akatukuka chifukwa chomangitsa, awongoleni ndi kanyundo. Mangani modumphadumpha, 5 mpaka 8 N·m basi. Mukapitirira gasiketi imang'ambika. Silikoni musapake wambiri, wotsalira amagwera m'kati n'kukatseka sefa.

Potero mutulutsa malita pafupifupi 3 mwa malita 7 kapena kuposerapo, chifukwa ena amatsala mu converter ndi m'mapaipi. Mukasintha kamodzi, wakale amatsala magawo 60 pa 100, kachiwiri 36, kachitatu cha m'ma 22. Muzisiya makilomita 300 mpaka 500 pakati, ndipo kachiwiri ndi kachitatu n'kongokhuthula pa pulagi, sampu osaitsegulanso.

Wapaulendo

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndachita monga munanenera. Oyilo atatentha sankafika n'komwe pa mzere wapansi wa HOT, walowa 700 ml. Seal ya driveshaft yakumanzere ndi yonyowa. Kamuvi ka kutentha kankatsikadi pa msewu waukulu, ndipo titatsegula tapeza mulibe thermostat. Taika ya 82°C, giya 4 yabwerera. Code inali ya sensa ya liwiro. Pini imodzi ya pulagi yake inabiriwira, taitsuka, nyali sinathwanimenso. Kebulo inali yokhwefuka ndi 5 mm.

Mu sampu munali phala lotuwa pa maginito ndi tizidutswa takuda tosakwana theka la supuni yaing'ono. Zitsulo munalibe. Sefa inali yotsekeka pafupifupi theka.

Panopa m'mawa D ikulowa pa masekondi awiri. Kuterereka kwa 2 kupita 3 kwachepa, ma rev akukwera ndi 200 okha, ndipo ndi pokhapokha itatentha ndikaponda kwambiri. Koma ndaona chinthu china chimene sindinachitchule poyamba: ikatentha, R imachedwanso, masekondi awiri ndi theka. Nditani tsopano?

Sipana12

Mwapita patali achimwene. Seal yonyowayo sinthani msanga, apo ayi mubwerera pomwe munayambira. Musanachotse yakale yezani kuya kwake kuti yatsopano ikhale pamodzimodzi, pakani oyilo pa mlomo wake, ndipo gwirani ndi chikhadabo pamene imakhudza shafiti. Ngati pali ngalande, seal yatsopano idonthanso. Polowetsa shafiti musakandire mano ake pa labala. Oyilo atuluka pochita zimenezi, ndiye muyezenso mulingo.

Malizitsani kusintha oyilo kuwiri kotsalako musanaweruze. Kuchedwa kwa m'mawa kukapitirira, mankhwala ofewetsa ma seal amathandiza pa labala wouma. Botolo limodzi lokha, ndipo muchotse oyilo wofanana nalo kuti mulingo usapitirire.

Mkulu_wa_Magiya

Pa mankhwalawo ndisiyana pang'ono ndi a Sipana12. Amatupitsa labala yense wa m'gearbox, wouma ndi wabwino womwe, ndipo sabwezeretsa nsalu ya pa plate kapena mphete yachitsulo yoperepeseka. Athiridwe pamene mwatsimikiza kuti gearbox idzatsitsidwa ndithu ndipo mukungofuna ikufikitseni pamenepo. Mukathira musanayeze, manambala amene mupeze sakhalanso oona.

Nkhani ya R mwatchulayi ndi yofunika kuposa zonse. Pa ma gearbox ambiri amtundu umenewu, direct clutch ndi imene imalowa pa giya 3, ndipo yomweyonso imagwira ntchito pa R. Giya 3 ikuterereka ikatentha, R ikuchedwa ikatentha: chala chikuloza pamodzi. R imagwiritsanso buleki ina yam'kati imene imagwiranso pa L. Kuti muipatule, yendani 20 km/h ndodo ili pa L, chotsani phazi. Injini ikagwira galimoto mwamphamvu, bulekiyo ili bwino, ndipo yotsala ndi direct clutch kapena njira ya oyilo yopita kwa iyo.

Yezani nthawi ndi wotchi, oyilo atatentha, injini pa idling. Kuchokera N kupita D isapitirire masekondi 1.2, N kupita R 1.5, amenewa ndi manambala a m'mabuku a Toyota, ndipo ena satalikirana nawo. Yezani katatu, mukudikira mphindi imodzi pakati.

Kenako presha. Pa thupi la gearbox pali kabawuti kotseka bowo loyezera. Mangani geji yofika 20 bar kapena kuposa, paipi yake italikire ekizozi ndi fani. Pa idling mu D ma gearbox ambiri amtunduwu amakhala cha pa 4 bar, mu R kuposerapo, koma nambala yeniyeni itengedwe m'buku la gearbox yanu. Presha ikatsika pa D ndi pa R pomwe, ganizirani pampu, valavu ya regulator kapena kebulo. Ikatsika pa D pokha ndi forward clutch. Ikatsika pa R pokha, oyilo akuthawa pa njira ya direct clutch. Yezani itangofunda, muyezenso itatentha bwino. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndi kumene kumaonetsa kukula kwa podonthapo.

Geji ikadali pomwepo chitani stall test. Matayala onse atsekedwe ndi zipika, handibuleki ikokedwe, kutsogolo ndi kumbuyo kusakhale munthu. Phazi lamanzere pa buleki mwamphamvu, ikani D, pondani moto mpaka pansi, werengani ma rev ndi presha, chotsani phazi. Zisapitirire masekondi asanu, chifukwa mphamvu yonse ya injini panthawiyo ikusanduka kutentha mu converter. Ikani N mphindi imodzi kapena ziwiri oyilo azizire, kenako R. Injini zing'onozing'ono zimaima pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm. Ma rev akapitirira pamenepo, chotsani phazi nthawi yomweyo, klatchi ikuterereka. Akakwera pa R pokha, tabwerera ku direct clutch. Akatsika pa zonse ziwiri, injini ndi yofooka kapena stator (kagudumu kowongolera oyilo) ya mu converter yasiya kugwira.

Ngati presha ndi stall zili bwino, mwayi ulipo kuti vuto lili mu valve body: valavu ya 2-3 yomata, solenoid yotsekeka ndi fumbi imene multimeter imaiona yabwinobwino, kapena accumulator (kapisitoni kofewetsa kulowa kwa giya) ya direct clutch yokhala ndi O-ring yotha kapena sipulingi yothyoka. Zonsezi zimafikika kuchokera pansi, gearbox ili m'malo. Valve body itsitsidwe chogona ndi munthu amene ali ndi chithunzi cha pamene timipira take timakhala, chifukwa kamodzi kakasochera giya ina imasowa.

Pakadali pano musailole kuterereka. Ikamayandikira kusintha kupita giya 3, pepukitsani phazi kuti ilowe injini isakukoka. Musakoke ngolo kapena kunyamula katundu wolemera, ndipo pa mtunda wautali ikani 2 m'malo moisiya izisinthasintha.

Manambala akaonetsa kuti klatchi yatha, pamenepo ndiye mpofunika kusankha pakati pa kuimanganso ndi kugula ina. Poimanganso musasinthe ma plate okha: ma seal onse, mphete za pa shafiti ndi ma bush zilowe, apo ayi ma plate atsopano apsa ndi presha yothawa yomweyo. Mukagula yogwirapo ntchito, code ya gearbox ifanane ndi yanu, pulagi zifanane, ndipo final drive (magiya omaliza opita ku matayala) ikhale yomweyo, popeza gearbox imodzi imaikidwa pa injini zosiyana ndi magiya osiyana. Tsegulani sampu yake musanaikweze. Cooler ndi mapaipi ake atsukidwe mpaka potuluka poyera, chifukwa nyenyeswa za gearbox yakale zimabisala mmenemo. Seal yakutsogolo isinthidwe gearbox ikadali pansi. Converter ithiridwe oyilo, ilowetsedwe pa gearbox, osati pa injini, mukuizungulitsa mpaka itsike magawo ake onse n'kukhala m'kati ndithu. Ngati gearbox ikukana kukumana ndi injini, musaikoke ndi mabawuti: converter sinakhale, ndipo mukakakamiza muswa pampu injini isanalire.

Mukayeza, tibweretsereni presha ya D ndi ya R pa idling ndi pa stall, ma rev a stall onse awiri, ndi nthawi ya N kupita R itazizira ndi itatentha.